Botolo la M'thumba la Ufa

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA:  Inu amene mwangotsika minibasi pa msika wa Ndirande, inu a ku Bangwe amene mwateleka kale madzi a nsima, a ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa, komanso inu a ku Machinjiri amene mwangofika kumene kuchokera ku ntchito, takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaumoyo. Ngati pakhomopo pali anyamata ndi atsikana osinkhuka, musawatume kunja. Nkhani ya lero ndi yawonso.

Ndiyambe ndi za kunyumba kwanga, ndipo mwini nkhaniyi wandilola kuti ndiinene, bola ndisamutchule dzina. Zaka zingapo zapitazo tinkakhala ndi msuweni wanga amene anabwera kuchokera kumudzi kudzasaka ganyu m'tauni muno. Tsiku lina mayi a kunyumba akutapa ufa m'thumba, dzanja linagunda kanthu kolimba pansi penipeni. Kutulutsa, kabotolo ka pulasitiki kokulungidwa m'jumbo, pepala la dzina la mankhwala atalimatula bwinobwino. M'kati munali mapiritsi, ndipo pamwamba pa mapiritsiwo anali atatsenderapo thonje kuti asamachite phokoso akamatsegula m'bandakucha ife tili m'tulo. Miyezi 8 yathunthu mtsikanayu ankamwa ma ARV m'nyumba mwathu ngati akuba. Titamufunsa mofatsa, anangoti, "Ndimaopa kuti mundipatsa kapu yangayanga."

Thonje lija silinandichoke m'maganizo. Pa poloti pomwepo panali anyamata ndi abambo onenepa bwino, ena a zibwenzi zamseri, amene sanapondepo pakhomo loyezetsera magazi chibadwire. Iwowo palibe ankawaopa. Wobisala anali yekhayo amene ankadziwa za m'thupi mwake n'kumachitapo kanthu. Abale anga, tikuopa munthu wolakwika, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake ndikutero.

HIV ndi kachirombo, Edzi ndi matenda. Pokamba timaziphatikiza, koma si chinthu chimodzi. M'magazi mwathu muli maselo oyera amene ambirife timawatcha asilikali a m'thupi. Pakati pa asilikaliwa pali gulu lina limene achipatala amalitcha CD4, ndipo ndilo limaliza lipenga kuti mdani walowa, anzake adzuke. Kuipa kwa HIV n'koti imalunjika pa gulu limeneli. Imalowa m'kati mwa selo la CD4, n'kuligwiritsa ntchito yoswa tizirombo tina tambirimbiri, kenako selo lija limafa. Munthu wathanzi amakhala ndi CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kochepetsetsa ka magazi kamene amayeza. Kachirombo kakasiyidwa, chiwerengerochi chimatsika chaka ndi chaka.

Milungu iwiri kapena inayi munthu atangotenga kachiromboka, ena amatentha thupi, kumva zilonda kukhosi, kuphwanya m'thupi, mwina totupa pakhungu. Timati ndi malungo kapena chimfine, timagula panado pa okala, zimatha. Ena samva kalikonse. Komatu nthawi imeneyi ndi imene tizirombo timachuluka koopsa m'magazi, ndipo munthu amapatsira mnzake mosavuta kwambiri. Zikatero kumakhala zii. Zaka zisanu, zisanu ndi zitatu, ena mpaka khumi, munthu akugwira ntchito yake, akusewera mpira pa galaundi, akukwatira, akubereka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kachirombo ka HIV simungakaone ndi maso pa thupi la munthu.

Edzi imabwera asilikali akatha. CD4 ikatsika kupitirira 200, matenda amene thupi likanawakankha mosavuta amalowa ngati m'nyumba yopanda chitseko. Woyamba ndi chifuwa chachikulu, TB, chimene chimapha anthu ambiri amene ali ndi HIV kuposa matenda ena onse. Palinso matenda oumitsa khosi, chibayo, kutsegula m'mimba kosatha, zoyera m'kamwa ndi kummero, ndi khansa ya pakhungu ija ya mabala akuda yotchedwa Kaposi. Mashingozi nthawi zambiri amabwera msanga, zinazi zisanafike, ndipo munthu amene wadwala mashingozi ndi bwino akayezetse.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Amene muli ndi zaka zopitirira 40 mukukumbukira kumene tachokera. Madokotala a ku America analemba za matenda achilendowa koyamba mu 1981. Mu 1983 akatswiri a ku Institut Pasteur ku Paris anakapeza kachirombo kake. Kuno ku Malawi munthu woyamba anapezeka nawo mu 1985, nthawi imene nkhani za kuchipinda sizinkatchulidwa pagulu. Tinawapatsa mayina ozungulira: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. Ena tinkati ndi tsempho, ena kanyera, ena kulodzedwa. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape kwa a Billy Goodson Chisupe, magalimoto ndi mabasi kudzaza, poti chiyembekezo china panalibe. Maliro sanachepe. Opala matabwa amene kale ankakhoma mipando ndi mabedi anatembenukira ku mabokosi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu zinali za kumanda. Ine ndinaika achimwene anga aakulu m'zaka zimenezo, ndipo pa mwambo wonse wa maliro palibe anatchula chimene chinawatenga. Tinangoti anadwala nthawi yaitali.

Mankhwala analipo kale kunja kuyambira mu 1996, koma mtengo wake unali wa anthu olemera. Atafika ku chipatala cha Queens, munthu ankalipira K2,500 pa mwezi, ndalama imene mlonda kapena mayi wogulitsa mandasi sakanaipeza. Chaka cha 2004 ndicho chinatembenuza zinthu. M'mwezi wa February, a Bakili Muluzi ali pulezidenti, ananena poyera kuti m'bale wawo anamwalira ndi Edzi, ndipo chaka chomwecho boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake ndi thandizo la Global Fund. Anthu amene tinkawanyamula pa wilibala tinawaona akudzuka, kubwerera ku Limbe kukagulitsa malonda awo.

Lero anthu pafupifupi 1 miliyoni m'Malawi muno ali ndi HIV. Kafukufuku wamkulu wa boma wotchedwa MPHIA, wa mu 2020 ndi 2021, anapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse m'dziko muno, pafupifupi 9 ali nako. Mu mzinda wathu wa Blantyre anapeza 14 mwa 100, kutanthauza munthu mmodzi mwa 7 aliwonse. Werengani anthu a mu minibasi imene mwakwera lero. Awiri mwa iwo akhoza kukhala nako, ndipo ambiri otero akumwa mankhwala, ali bwinobwino, simungawaloze.

Tsono kamalowa bwanji m'thupi? Kachiromboka kamayenda m'magazi, mu umuna, m'chinyezi cha kumaliseche kwa mayi, ndi mu mkaka wa m'mawere. Njira yaikulu kuno kwathu ndi kugonana popanda kondomu, nyama kwa nyama monga amanenera anyamata. Khungu la m'kati mwa maliseche ndi lofewa, ndipo likakhala ndi zilonda za chindoko, mabomu kapena kutupa kwa chinzonono, khomo limakhala lotsegukiratu. N'chifukwa chake matenda opatsirana pogonana si oyenera kuwabisa kapena kuwathira zitsamba. Pitani kuchipatala, ndipo mutenge mnzanuyo. Amayi amene amaika zinthu zoumitsa kumaliseche pofuna kusangalatsa bambo, dziwani kuti kuumako kumang'amba khungu. Kugonana kumatako nako kumapatsira kwambiri kuposa njira zina zonse zogonana.

Njira yachiwiri ndi ya mayi kupatsira mwana, ali m'mimba, pobadwa, kapena poyamwa. Yachitatu ndi magazi kulowa mwachindunji: jakisoni mmodzi kubayira anthu angapo, lezala limodzi kutemera mphini banja lonse, mpeni umodzi ku chinamwali. Magazi olandira kuchipatala musawaope, chifukwa a Malawi Blood Transfusion Service amawayeza asanaperekedwe kwa wodwala.

Pali chinthu chimene chimandiwawa pa ziwerengero zija. Amayi amene ali ndi kachiromboka ndi ambiri kuposa abambo, ndipo kusiyanaku kumayambira pa atsikana achichepere. Mtsikana wa Fomu 3 sakatengera kwa mnzake wa m'kalasi nthawi zambiri. Amakatengera kwa chidyamakanda, bambo wa galimoto amene amamugulira foni ndi tchipisi, bambo amene ali ndi mkazi kunyumba ndipo sanayezetsepo. Mtsikana wotere alibe mphamvu yonena za kondomu kwa munthu amene akumulipirira fizi. Abambo anzanga, mwana ameneyo ndi msinkhu wa mwana wanu.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Tinalandira mafunso kuchokera kwa inu omvera. Mayi wina wa ku Zingwangwa akuti, "Timakhala mabanja asanu pa poloti limodzi, bafa ndi chimbudzi n'chimodzi. Mnzathu wina ali pa mankhwala. Ana athu ndi otetezeka?" Mayi, ana anu ndi otetezeka. HIV siyenda m'madzi a m'bafa, pa chimbudzi, pa kapu, pa supuni kapena m'mbale ya ndiwo. Siyenda m'thukuta, m'misozi ngakhale m'malovu. Mukhoza kupisa mbale imodzi, kugwirana chanza, kukumbatirana, kubwerekana chitenje, mwana wanu kugona pa mphasa imodzi ndi mwana wake. Kachiromboka kakatuluka kunja kwa thupi sikachedwa kufa.

Bambo wina wa ku Machinjiri akufunsa za udzudzu, kuti poti umapatsira malungo, ungalephere bwanji HIV? Funso labwino. Udzudzu ukaluma, umathira malovu ake, osati magazi a munthu amene unamuluma poyamba. Tizirombo ta malungo timakula m'thupi la udzudzu mpaka kufika m'malovu akewo. HIV singathe kutero. Imagayidwa m'mimba mwa udzudzu ngati chakudya. Ukanakhala kuti umapatsira, ana ang'onoang'ono ndi agogo a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene udzudzu uli wosasimbika, akanatha onse.

Tsono za kuyezetsa, ndipo pano a Blantyre tiyenera kunyada pang'ono. Kachipangizo kodziyezera wekha kunyumba kamene lero kakugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, kanayesedwa pakati pathu pano. Kuyambira mu 2012, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust, kuphatikizapo a Augustine Choko ndi a Liz Corbett, anagawa tizipangizoti ku Ndirande, ku Likhubula ndi ku Chilomoni kudzera mwa anthu odzipereka a m'madera momwemo. Ena ankaopa kuti anthu akadziyeza okha alakwitsa kapena adzipweteka. Anthu a m'makwalala athu anaonetsa kuti angathe, ndipo abambo ndi achinyamata amene ankathawa mzere wa kuchipatala analandira. Mu 2016 bungwe la WHO linalimbikitsa njirayi pa dziko lonse.

Ndili nako pano m'manja. M'paketi muli kandodo kokhala ndi kansonga kophwatalala, kabotolo ka madzi a mankhwala, ndi kopachikira kabotoloko kuti kasagwe. Mumapaka kansongako kamodzi ku nkhama za m'mwamba, kamodzi ku nkhama za m'munsi, n'kuviika m'kabotolo muja. Mumadikira mphindi 20, osapitirira 40. Mzere umodzi pa chilembo C ndiye kuti sikanapeze kanthu. Mizere iwiri ndiye kuti mupite kuchipatala akatsimikize ndi magazi, chifukwa kachipangizoka sikomaliza nkhani. Wina afunsa kuti, nanga mwati m'malovu mulibe HIV, tikuyeza chiyani m'kamwa? Chimene chikuyezedwa si kachirombo, koma zida zimene thupi limapanga polimbana nako. Zili ngati kuona mapazi a fisi pa dothi, fisiyo osamuona.

Mapazi amenewa amatenga nthawi kuti aoneke, mwina mpaka milungu 12. Mukagona ndi munthu Loweruka n'kuyezetsa Lolemba, zotsatirazo sizikunena za Lowerukalo. Muyenera kubwereranso pa tsiku limene mlangizi akuuzeni. Ndipo chonde, zotsatira za akazi anu si zanu. Abambo ambiri amati, "Mayi anayezedwa ku sikelo, alibe, ndiye inenso ndilibe." Alipo mabanja ambiri mu mzinda uno amene wina ali nako wina alibe, atakhala limodzi zaka ndi zaka.

Chinanso chofunika: munthu amene akumwa kale ma ARV asadziyeze ndi kachipangizo ka m'kamwa. Mankhwala akagwira bwino ntchito kwa nthawi yaitali, kakhoza kuonetsa mzere umodzi kachirombo kadakalipo. Apa ndi pamene ena apusitsidwira. Apita ku mapemphero, auzidwa kuti achira, adziyeza, aona mzere umodzi, ataya mankhwala m'chimbudzi. Pakutha pa chaka tili kumanda. Ine ndine wopemphera, ndipo sindinyoza pemphero. Pempherani, koma m'mawa mumwe piritsi lanu. M'busa wokukondani sangakuuzeni kuti mutaye mankhwala.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Ma ARV sapha kachirombo konse n'kukatheratu. Chimene amachita n'kukatsekera njira yoswana. Tizirombo timene tili m'magazi timatha, tatsopano sitibadwa, ndipo asilikali amapeza mpata wochulukanso. Koma tina timabisala m'kati mwa maselo, tili m'tulo, kumene mankhwala safikako. Mukasiya kumwa, pakangopita milungu yochepa timadzuka. N'chifukwa chake mankhwalawa ndi a moyo wonse. Kumwa modumphadumpha n'koopsa mwa njira yakeyake, chifukwa kachirombo kamaphunzira kuzemba mankhwalawo, kenako amasiya kugwira ntchito.

Ambiri amene amaopa ma ARV akukumbukira akale aja. Anthu oyamba ankamwa kawiri pa tsiku, ndipo ena masaya ankalowa, miyendo kuwonda, mapazi kuchita dzanzi ndi kutentha ngati waponda moto. Zinali zoona, ndipo mankhwala amenewo anachotsedwa. Anabwera a 5A, amene ena ankawadandaula chizungulire ndi maloto oipa. Kuyambira mu 2019 ambiri akumwa 13A, piritsi limodzi pa tsiku lokhala ndi mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Ndi amphamvu, amatsitsa tizirombo msanga, ndipo mavuto ake ndi ochepa. Ena amavutika kupeza tulo masiku oyamba, n'chifukwa chake ambiri amalangizidwa kumwa m'mawa. Ena amanenepa. Ngati mukumwanso mankhwala a TB, achipatala amakuonjezerani piritsi lina la madzulo. Ngati mukumwa mapiritsi owonjezera magazi kapena a chilungulira, auzeni anamwino akuuzeni kamwedwe kake, chifukwa amatha kusokonezana. Abambo okonda kapu, mowa si chifukwa chodumphira piritsi. Vuto la mowa ndi kuiwalitsa. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani, koma osaphatikiza awiri nthawi imodzi.

Kale munthu ankadikira kuti CD4 itsike kaye asanayambe. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka nako amayamba nthawi yomweyo, ngakhale ali wojintcha. Ndi zaulere, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Limbe, ku South Lunzu kwa inu a ku Machinjiri, ngakhalenso ku Umodzi Family Centre ku Queens. Amene akumwa bwino amatha kupatsidwa a miyezi 6 nthawi imodzi, ndiye nkhani yojomba ku ntchito mwezi ndi mwezi inachepa. Pamodzi ndi ma ARV mumalandira bakitirimu woteteza ku matenda ena, ndipo amakufunsani za chifuwa, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, pofuna kugwira TB isanakule.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani ya msuweni wanga uja. Pakatha miyezi 6 munthu akumwa mankhwala, achipatala amatenga magazi kuti aone kuchuluka kwa tizirombo, chimene amachitcha viral load, kenako amayezanso chaka ndi chaka. Kwa amene akumwa mokhulupirika, tizirombo timachepa mpaka makina osatha kutiwerenga. Munthu amene wafika pamenepa, n'kupitiriza kumwa, sapatsira mwamuna kapena mkazi wake pogonana. Si mphekesera. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052 anatsata mabanja 1,763 m'mayiko 9, mabanja amene wina anali nako wina alibe, ndipo ena mwa mabanjawo anali a kuno ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu 2011 zinadziwika kuti kuyamba mankhwala msanga kunachepetsa kupatsirana ndi magawo 96 pa 100. Atawatsatabe zaka zina, sanapeze ngakhale mmodzi amene anatengera kwa mnzake pamene tizirombo ta mnzakeyo tinali titatsikiratu. Akafukufuku ena ku Ulaya ndi kwina anapezanso zomwezo. Mwina munaonapo zikwangwani zolembedwa T=T, Tizirombo Tochepa = Thanzi. Tanthauzo lake ndi limeneli.

Ndiye taganizani. Mayi amene mumamunong'oneza pa mjigo kuti ali pa mayunitsi, kutanthauza ma ARV, amene mumamuona Lachiwiri m'mawa atakhala pa benchi ndi bukhu lake la kuchipatala, ameneyo ngati akumwa bwino sangapatsire mwamuna wake. Kafukufuku wa MPHIA uja anapeza kuti mwa amene akudziwa kuti ali nako, 98 pa 100 akumwa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwalawo, 97 pa 100 tizirombo tawo tatsika. Pamene patsala dzenje ndi pa amene sakudziwa, pafupifupi 12 mwa 100 aliwonse amene anali nako pa nthawi ya kafukufukuyo, ndipo abambo ndi achinyamata ndiwo ambiri pagulu limeneli. Kachirombo kakuyenda mwa anthu amene amadzitama kuti iwo n'ngabwinobwino. Tikamanyoza omwa mankhwala, tikuwopseza amene sanayezetse kuti asapite, ndipo tikukankhira ena kusiya. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachiromboka, komanso kuulula za iye popanda chilolezo chake. Koma lamulo silifika pa mjigo. Pamenepo pamafunika ife.

Za ana, Malawi anatsogolera dziko lonse lapansi. Mu July 2011 tinakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, posadikira CD4, ndondomeko yotchedwa Option B+. Mayiko ena anatsanzira ife. Popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa 100 obadwa kwa amayi otere amatenga kachirombo. Ndi mankhwala, chiwerengerochi chimatsika osafika 5. Mwana akabadwa amamwa mankhwala a madzi kwa milungu 6, amayezedwa ali ndi milungu 6, kenako ali ndi chaka, kenakonso ali ndi zaka ziwiri. Miyezi 6 yoyamba ayamwe bere lokha, popanda phala, madzi kapena dawale. Apongozi, musamukakamize mpongozi wanu kumwetsa khanda zina ndi zina. Ndipo mayi amene anapezeka alibe ali woyembekezera ayezetsenso akuyamwitsa, chifukwa akatenga kachirombo nthawi imeneyo, mwana amakhala pa chiopsezo chachikulu.

Kwa amene mulibe, njira zodzitetezera zachuluka. Kondomu ikadali pamalo pake, ndipo ndi yokhayo imene imatchinganso chindoko, chinzonono ndi mimba yosakonzekera. Aja amati switi sadyera m'pepala, ambiri a iwo tinawaperekeza. Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa mwayi woti mwamuna atenge kachirombo kwa mkazi ndi magawo pafupifupi 60 pa 100. Otsalawo ndi ambiri ndithu, choncho wodulidwa asadzione ngati wavala chitsulo. Pali PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachirombo amamwa tsiku ndi tsiku ngati akudziwa kuti moyo wake uli pa chiopsezo, ndipo kuyambira mu 2024 zipatala zina za mu Blantyre zinayamba kupereka PrEP wa jakisoni wa miyezi iwiri iliyonse. Palinso PEP, wa pangozi. Kondomu ikaphulika, mukabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, kapena mwana wanu akagwiriridwa, thamangani kuchipatala maola 72 asanathe, ndipo kufulumira n'kofunika koposa. Musayambe ndi kukambirana za pachibale kapena kudikira ankhoswe. Ku Queens kuli One Stop Centre yothandiza ogwiriridwa. Mankhwala a PEP amamwedwa mwezi umodzi.

Mawu awiri kwa amene muli kale pa mankhwala. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe, ku Soche ndi madera ena mu March 2023, anthu ena anathawa ndi zovala za m'thupi zokha, mabotolo ndi mabuku a kuchipatala atapita ndi matope. Zoterezi zikakugwerani, musakhale pansi ndi manyazi. Pitani pa chipatala chilichonse chapafupi mukafotokoze. Chimodzimodzi inu opita ku Joni kapena ku Tete kukasaka: uzani achipatala musananyamuke, akupatseni okwanira ndi kalata. Ndipo ngati munasiya, kaya ndi chaka chatha kaya ndi zaka zitatu, bwererani. Mwina wina angakulankhuleni mokalipa pang'ono, koma bwererani ndithu, musadikire kuti akunyamuleni.

Msuweni wanga uja anakwatiwa ku Bangwe. Mwamuna wake alibe kachirombo, ndipo anadziwa zonse asanapite kwa ankhoswe. Mwana wawo anayezedwa komaliza atakwanitsa zaka ziwiri, alibe. Botolo lija tsopano limakhala pa kabati, pafupi ndi shuga, ndipo mwamunayo ndi amene amamukumbutsa ikakwana 6 koloko.

Amene wandivuta ndi mlamu wanga wina, bambo wa ana atatu, woyendetsa galimoto zazikulu. Chaka chino n'chachitatu akundiuza kuti apita mawa. Mwezi watha anadwala mashingozi, akuti ndi kangaude anamuyenda. Alamu, ndikudziwa kuti wailesi ili pa windo monga mwa masiku onse. Mawa 7 koloko m'mawa ndikupezani pakhomo, tipitire limodzi, ndipo chala choyamba kubayidwa chikhala changa.

Sabata ya mawa tidzakamba za TB. Mafunso anu pitirizani kutumiza. Mugone bwino.

(Nyimbo yotsekera.)